Marandi amagula mtendere, koma ife tikuwagula ndi chiyani?

Pali mawu amene ndatopa nawo kuno ku Joni, oti ndalama sizigula chimwemwe. Amanenedwa pamaliro, amanenedwa paguwa, ena amawaika pa WhatsApp pansi pa chithunzi cha maluwa. Ndaona kuti wonena mawuwa nthawi zambiri amakhala woti lendi walipira kale, ana ake ali pasukulu, ndipo akadwala usiku akudziwa chipatala choti athamangireko. Mayi amene mwana wake wabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi sindinamumvepo akutero. Ine ndikuti mawuwa si oona, makamaka kwa anthu onga ife. Ndalama zimagula chimwemwe ndithu. Chimene tiyenera kulimbana nacho ndi chakuti, pofuna kuzipeza ndalamazo tikupereka chiyani, ndipo tidzaleka liti kupereka.

Tonse tikuidziwa foni ya m'bandakucha, nambala yoyamba ndi +265. Mtima umayamba kugunda usanayankhe n'komwe. Akuti amayi akomoka, pakufunika galimoto yowatengera kuchipatala cha paboma, ndipo kumeneko mwina akakuuzani kuti mankhwala ena mukagule nokha. Amene ali ndi R800 m'thumba amatumiza pa Mukuru, dzuwa lisanafike pamutu mlongo wake watapa kale makwacha, amayi agonekedwa pabedi. Usiku umenewo munthuyu amagona tulo. Amene alibe amazungulira kwa anzake onse, aliyense akumuuza kuti mwezi uli pakati, mapeto ake amakagwada kwa wakatapila n'kusiya pasipoti ngati chikole. Awiriwa amawakonda amayi awo chimodzimodzi. Chawasiyanitsa ndi R800 basi, ndipo wina akamanena kuti ndalama ndi chimwemwe n'zosakhudzana, ayambe wawayang'ana kumaso anthu awiriwa m'mawa mwake.

Ofufuza nawonso apeza zomwezi, ndipo azipeza kwathu komwe. Ndondomeko ya Mtukula Pakhomo, imene inayambira ku Mchinji mu 2006, imapatsa mabanja osaukitsitsa kangachepe. Atawafunsa olandirawo patapita nthawi, zinaoneka kuti anali okhutira ndi moyo wawo komanso oyembekezera zabwino za mawa kuposa anzawo amene anali asanayambe kulandira. Palinso lipoti la World Happiness Report, lotuluka chaka ndi chaka, limene limafunsa anthu a m'mayiko osiyanasiyana kuti aike moyo wawo pa muyeso woyambira 0 kulekeza 10. Dziko la Finland lakhala pamwamba kuyambira 2018. Dziko la Malawi, mu 2024 ndi mu 2025, linali m'gulu la mayiko khumi a pansi penipeni. Timanyadira kuti ndife anthu ansangala, alendo amatiyamikira, ndipo sanama. Koma nsangala ndi ulemu wolandirira mnzako pakhomo. Mmalawi yemweyo amene wakusekerera, ukamufunsa payekha za moyo wake, akuuza za ufa, za feteleza ndi za mwana amene anakhoza mayeso koma ali pakhomo. Amene amati osauka ndi osangalala kale ndimawakayikira kuti akungodzichotsera mlandu wowathandiza.

Mu 2010 akatswiri awiri, Daniel Kahneman ndi Angus Deaton, amene onse analandirapo mphoto ya Nobel, anapeza kuti ku America chisangalalo cha tsiku ndi tsiku chimakwera pamodzi ndi malipiro mpaka pafupifupi $75,000 pachaka, kenako chimaima. Nkhaniyi anthu anaikonda chifukwa inkatonthoza. Koma mu 2023 Kahneman yemweyo anakhala pansi ndi Matthew Killingsworth, amene ankamutsutsa, n'kuonanso ziwerengerozo, ndipo anavomera kuti kwa anthu ambiri chisangalalo chimapitirirabe kukwera. Chimaima kwa kagulu ka anthu amene ali kale ndi chisoni chachikulu, monga kuferedwa kapena matenda a maganizo, zimene ndalama sizingachize. Chofunika kwa ife m'kafukufuku wotereyu n'chakuti kukwerako kumatsata kuchulukitsa kwa malipiro. Kuchoka pa R4,000 kufika pa R8,000 kumamusuntha munthu pafupifupi mofanana ndi kuchoka pa R40,000 kufika pa R80,000. Ndiye kuti R1,000 yowonjezera kwa wosamalira maluwa ku Randburg ndi nkhani yaikulu, pamene abwana ake sangazindikire n'komwe kuti yalowa mu akaunti. N'chifukwa chake malipiro otsikitsitsa amene lamulo la dziko lino limalola, amene anayamba mu 2019 pa R20 pa ola ndipo mu Malichi 2025 anafika pa R28.79, amakhudza mtima wa munthu mwachindunji. Ambiri mwa ife, chifukwa chosowa mapepala, timalandira zosafika pamenepo ndipo timaopa kutsegula pakamwa.

Mukaonetsetsa, chimene ndalama zimamuchitira munthu wosauka ndi kumuchotsera mantha: mantha a njala, a matenda, a kuthamangitsidwa m'nyumba, a manyazi pamaso pa ana ake. Apa ndi pamene nkhani ya ku Joni imandiwawa. Tinabwera kuno kudzafuna mtendere wa mumtima, koma ndalama zake tikuzipeza pogulitsa mtendere womwewo, pamodzi ndi zaka zimene tikanakhala ndi anthu athu.

Malonda amenewa sanayambe ndi ife. Golide anapezeka pamalo ano mu 1886, ndipo mzinda uno unamangidwa ndi misana ya anthu ochokera kutali. Agogo athu anabwera kudzera ku Wenela, kenako ku Theba, mabungwe amene ankalemba anthu ntchito za m'migodi, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi oposa 100,000 anali pansi pa nthaka ya dziko lino. Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi 74 amene anali paulendo wobwerera kwawo. Kamuzu analetsa ulendowu, unayambiranso mu 1977, n'kudzatheratu mu 1988. Anthuwo ankafika kumudzi ndi njinga, wailesi, mabulangete ndi masutikesi achitsulo, mudzi wonse n'kusonkhana kudzaona. Ambiri anafikanso ndi fumbi la mwala m'mapapo, ndipo anatsokomola mpaka kumanda. Mu 2019 khoti la kuno linavomereza mgwirizano wa R5 biliyoni wolipira ogwira ntchito m'migodi ya golide amene anadwala matenda a fumbiwo ndi TB, koma panthawiyo ochuluka anali atapita kale. Moyo wa m'makomponi sindiusirira ngakhale pang'ono. Komabe panali chinthu chimodzi chimene iwo anali nacho ife tilibe: kontalakiti yawo inali ndi tsiku lothera, ndipo gawo la malipiro ankakalandirira kumudzi.

Ife timanyamuka opanda tsiku lothera. Munthu amakwera basi ku Mzimba, ku Mangochi kapena ku Blantyre atatsanzika kuti "zaka ziwiri zokha, ndikangopeza za malata ndabwera." Malata amagulidwa. Pamabwera za simenti, kenako za mpanda, kenako mphwake wasankhidwa kusekondale, kenako mlamu wake akufuna mpamba wa geni. Zonsezi ndi zofunika, palibe chachabe. Pamene izi zikuchitika, masiku 30 amene anamudindira pa pasipoti anatha kalekale, ndipo kupita kumudzi kwasanduka chinthu choopsa, chifukwa akangofika pa chipata cha Beitbridge amuletsa kulowanso m'dziko muno kwa chaka kapena zaka zisanu. Motero amangokhala. Ukwati wa mchemwali wake amauonera pafoni, maliro a bambo ake amawalira ali pantchito, kumudzi n'kuyamba kumutchula kuti mtchona.

Pali mayi wina amene timapemphera naye, amagwira ntchito ya m'nyumba kumbali ya Fourways. Ana a madamu ake amawasambitsa ndi iyeyo, amadziwa kuti wamng'onoyo sadya dzira lowiritsa, amadziwa kulira kwa njala ndi kulira kwa tulo. Mwana wake weniweni amamuona Lamlungu madzulo pafoni, netiweki ikudukaduka. Mwanayo amaima chilili ngati pamaso pa mlendo, amati "zikomo amayi, katundu uja tinalandira," kenako amapereka foni kwa agogo ake n'kuthawira kosewera. Mayiyu wamanga nyumba ya njerwa zowotcha, ya malata ndi sola, mwanayo amapita kusukulu atadya ndiponso atavala nsapato. Sindingayerekeze kunena kuti analakwitsa kubwera. Koma foni ikaduka amakhala chete nthawi yaitali, ndipo tonse amene timamuona timadziwa kuti pa mtengo wa nyumba ija pali china chimene sichinalembedwe m'kabuku kake ka ndalama.

Ena amangoti walira mvula walira matope, pirira. Ndikuvomera kuti palibe ndalama yopanda thukuta. Koma matope ena tikuwavomera mopyola muyeso. Pa 31 Ogasiti 2023 moto unabuka m'nyumba ya Usindiso ku Marshalltown, pakatikati pa mzinda uno, n'kupha anthu oposa 70, ndipo pakati pawo panali Amalawi ambiri ndithu. Sanali anthu aulesi kapena opanda nzeru. Ankagona m'tizipinda togawa ndi matabwa chifukwa lendi yake inali yotsika, kuti chotsala chipite kumudzi. Ndi nzeru yomweyo imene imatigoneka anthu anayi m'chipinda chimodzi ku Mayfair, kapena m'kanyumba ka malata ku Diepsloot komwe palafini ndi kandulo zimagona pafupi ndi bulangete. Onjezanipo zimene sitingazilamulire. Mu Meyi 2008 chipolowe cholimbana ndi obwera chinayambira ku Alexandra n'kupha anthu 62. Mu 2015 boma lathu linachita kutumiza mabasi kudzatenga anthu ake. Zaka zaposachedwapa kwabwera Operation Dudula, gulu lolimbana ndi obwera, ndipo dzina la Lindela, malo otsekerako anthu opanda mapepala asanawabweze kwawo, aliyense wa ife amalidziwa ngakhale sanapiteko. Munthu amene akaona veni ya apolisi amasintha njira, ngakhale m'thumba muli R5,000, chimene anabwerera kuno sanachipezebe.

Pali chinanso chimene chimatidyera chimwemwe, ndipo ichi mbali yaikulu n'chochita tokha. Mu 1974 katswiri wa zachuma Richard Easterlin anaona kuti dziko likamalemera, chisangalalo cha anthu ake sichikwera molingana ndi kulemerako. Akatswiri anzake akhala akutsutsana naye mpaka lero, koma chimodzi mwa zifukwa zimene ankapereka n'chovuta kuchikana: munthu amayeza zimene ali nazo poyang'ana za mnzake. Kwa mtima wodziyeza chotere, Johannesburg ndi malo ovuta kwambiri. Banki yaikulu ya dziko lonse inanena mu 2022 kuti South Africa ndi dziko limene kusiyana kwa olemera ndi osauka n'kwakukulu kuposa kwina kulikonse kumene inayeza. Simufunika lipoti kuti muone zimenezi. Sandton ndi Alexandra zalekanitsidwa ndi msewu wa M1 wokha, ndipo m'mawa uliwonse anthu amawoloka wapansi kuchoka kumene chimbudzi chimodzi chimatumikira mabanja angapo kupita kukakolopa nyumba za zimbudzi zisanu. Sindinena kuti a tsidya linalo ndi osasangalala, ambiri ali bwino ndithu. Koma ife amene timalowa m'nyumba zawo timaona mawaya amagetsi pamwamba pa mpanda ndi batani loitanira alonda pafupi ndi bedi. Nawonso mzinda uno ukuwalipiritsa.

Bambo amene ku Mzimba ankalemekezedwa chifukwa cha ng'ombe zake, kuno amadziona wopanda kanthu tsiku lililonse. Kuti adzitonthoze, amafuna akaoneke wolemera kumene angathe kuoneka, ndiye kumudzi ndi pa Facebook. Amajambulitsa atatsamira galimoto ya abwana. Mu Disembala amatsika basi ndi foni yangongole, nsapato zonyezimira, n'kugulira mudzi wonse zakumwa. Mu Januwale wabwerera ali ndi ngongole imene adzaimalize pakati pa chaka. Bodza limeneli limatipweteka pawiri. Achibale amakhulupirira kuti ku Joni ndalama amachita kutola pamsewu, ndiye zopempha zimachuluka, ndipo ukati ulibe amati wayamba kudzikonda. Anyamata nawo amasiya sukulu ali Fomu 2, makolo n'kugulitsa mbuzi kapena kubwereketsa munda kuti alipire transipota, mwana n'kudzafikira m'chipinda chomwe chija cha anthu anayi. Pamwamba pa izi pali alaliki ena amene amatiuza kuti umphawi ndi temberero, ndipo mankhwala ake ndi kufesa mbewu m'thumba mwawo. Munthu amatuluka m'tchalitchi ali wosauka kuposa mmene analowera, atasenzanso mlandu woti chikhulupiriro chake n'chochepa.

Wina anena kuti, "Achimwene, mukuyankhula ngati kumudzi kuli chotidikira." Ndikumumva bwino lomwe. Ndalama ya kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Namondwe wa Freddy anakokolola midzi ya kum'mwera mu Malichi 2023, ndipo chaka chotsatira chilala chinachititsa boma kulengeza za ngozi m'maboma 23 mwa 28. M'nyumba zambiri za ku Mangochi, Machinga, Nkhata Bay ndi Mzimba, ufa wa zaka zimenezi unagulidwa ndi marandi athu. Sindikuuza aliyense kuti alongedze katundu. Komanso kutumizako pakokha kumakoma. Palibe chimene chimandikhazika mtima pansi ngati kumva mawu a kholo akuti "mwanawe, chimanga tagula, usadandaule." Amene amafuna kutiphunzitsa kuti tizikhutira ndi zochepa aziyamba adziwa kuti pa malipiro a munthu mmodzi wa kuno pamadya pakamwa pangati.

Chimene ndikupempha n'chakuti tiziwerenga mbali zonse ziwiri. Tikamawerengera phindu la ku Joni timalemba malata, njerwa, fizi, njinga yamoto ya kabaza. Sitilemba zaka, sitilemba tulo, sitilemba banja limene lazizira chifukwa mwamuna ndi mkazi sanaonane kuyambira mwana ali kumsana. Kafukufuku wa ku Harvard amene wakhala akutsatira miyoyo ya anthu kuyambira 1938 wapeza mobwerezabwereza kuti ubale wabwino ndi anthu ako ndiwo umasunga chisangalalo ndi thanzi mpaka ku ukalamba. Agogo athu sakanadabwa nazo zimenezi. Ndiye khalani pansi ndi akazi anu kapena amuna anu, ngakhale pafoni pomwepo, mutchule chinthu chimene munabwerera kuno, mtengo wake ndi chaka chimene chiyenera kukhala chitatheka. Chikatheka n'kuona kuti mukhalebe, chimenecho chikhale chosankha chatsopano chimene nonse mwagwirizana, osati kungotengeka ndi mwezi uno ndi wamawa. R300 yowonjezera pa lendi kuti mugone m'nyumba yokhala ndi potulukira moto ukabuka musaione ngati kuwononga. Ganyu ya Lamlungu nthawi zina ikanidwe, mukakhale ndi anzanu, mudye nsima ya m'gulu, mukaonere mpira. Thupi limene likudyetsa anthu khumi kumudzi likufunika kulisamala.

Abale athu akumudzi, nanunso nkhaniyi ikukukhudzani. Uthenga wanu uziyamba ndi kufunsa mmene tadzukira, ndipo muzidikira yankho lake musanatchule vuto. Muzitifunsa kumene timagona. Ndalama ikatumizidwa ya feteleza, igule feteleza. Tamva zambiri za anthu amene anatumiza ndalama za nyumba zaka ndi zaka, akulandira zithunzi za nyumba ya eni, n'kukapeza maziko okha atamera udzu. Munthu wotere amataya ndalama ndi m'bale tsiku limodzi, ndipo ena ndi pamene amalumbira kuti kwawo sadzapondakonso. Ifenso tileke kukunamizani. Tikakhala pa ulova tizinena, tikagona ndi njala tizinena, kuti mukamalangiza ana za ulendo wa kuno muziwalangiza ndi zoona.

Chinthu chimodzi timachichita bwino kwambiri kuno. Mnzathu akamwalira, magulu athu a pa WhatsApp sagona. Pamasiku ochepa ndalama zakwana, mapepala atheka, thupi lanyamuka kudutsa Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete mpaka kukalowa pa Mwanza kapena pa Dedza. Izi ndi zaulemu ndipo tisazisiye. Koma zimandipweteka kuti kwa ena ulendo umenewu ndi woyamba kubwerera kwawo chichokereni. Ngati timatha kusonkha za bokosi, tingathenso kusonkha za tikiti munthu ali moyo. Anthu 12 atamapereka R400 aliyense pamwezi, ndiye R4,800, ndipo mwezi uliwonse mmodzi angakwere basi pa Park Station kukaona kwawo n'kubwerako. Ndi chipereganyu chomwe tinazolowera, kungoti ichi n'cha ulendo, ndipo wolandira asaloledwe kusandutsa ndalamazo simenti. Ndikudziwa kuti amene masiku awo anatha sangalowemo lero. Amenewo gulu liwathandize kaye za pasipoti ndi kuwapezera uphungu woona wa malamulo, m'malo mowasiya m'manja mwa ogulitsa zidindo zabodza. Pamsonkhano wotsatira wa gulu lathu nkhaniyi ndikaiika patebulo, ndipo ndikapempha kuti oyamba kupita akhale amene makolo awo akalamba kwambiri.